Musanatamande lesitilanti ya Amwenye, yambani mwaitanitsa dal

Ambiri a ife tikafuna kudziwa ngati chakudya cha mu lesitilanti ya Amwenye n'chenicheni, timayeza ndi tsabola. Chikatitulutsa thukuta ndi mamina, basi, ati tapeza zenizeni. Ena amayeza ndi nkhope. Amasuzumira pa kauntala, akaona bambo wandevu akuwerenga ndalama, mtima m'malo. Ine ndinaphunzira kuphika ku Limbe m'nyumba ya banja lina lochokera ku Gujarat, dera la ku India, kenako ndinakagwira ntchito m'khitchini ya lesitilanti ina ku Fordsburg mu Johannesburg, ndipo ndikukuuzani kuti miyeso iwiriyi ndi yonamiza. Tsabola angathire aliyense. Ndipo wokhala pa kauntala si amene amaima pamoto. Kumene ndinkagwira ine, oima pamoto tinali Amalawi ndi anzathu a ku Zimbabwe, kupatula mkulu mmodzi wa ku Pakistan amene sankalola munthu kuyandikira uvuni wake wa tandoor.

Choyamba kuchita mukakhala pansi ndi kuwerenga menyu modekha, uku mukudzifunsa kuti ophikawa akuphika za dera liti. India ali ndi anthu oposa 1.4 biliyoni, ndipo sadya zofanana. Kumpoto, ku Punjab, amadalira tirigu, mkaka ndi mafuta a ghee, batala wosungunula n'kuyenga. Kummwera, ku Tamil Nadu ndi ku Kerala, ndi mpunga, kokonati, bwemba ndi masamba a curry. Ku Bengal ndi nsomba yophikidwa m'mafuta a mpiru. Ku Gujarat mabanja ambiri Achihindu sadya nyama n'komwe, ndipo ndiwo zawo amaponyamo kachidutswa ka shuga wa nzimbe wosayenga uja. Ku Goa amadya nkhumba, ku Kerala nyama ya ng'ombe yokazinga amagulitsa poyera, pamene m'madera ena a dziko lomwelo simungayerekeze. Tangoganizani mutalowa malo odyera ku London olembedwa kuti "Zakudya za ku Africa", n'kupeza kondowole, injera ndi mpunga wa jollof zonse zikupakulidwa ndi munthu mmodzi. Mungadye, mwinanso n'kukhuta, koma simunganene kuti mwalawa za ku Nkhata Bay.

Ndiye menyu yaifupi, yotsamira dera limodzi, ndi chizindikiro chabwino. Yamasamba ambirimbiri, yokhala ndi za ku Punjab, za ku Goa, za ku Hyderabad, kumapeto kwake pizza ndi baga, ikukuuzani kuti firiji ndiyo ikugwira ntchito kuposa wophika. Koma musafulumire kunyoza mukaona chilli paneer kapena gobi manchurian n'kumati zachitchaina zalowa bwanji muno. Kuphika kumeneko kunayambira kwa Atchaina okhala ku Kolkata, ndipo ku India komweko anthu amakukonda kwambiri.

Tsopano itanitsani dal, ndiwo ya nandolo, mphodza kapena nyemba zophikidwa mpaka kuphwanyika. Ndikudziwa kuti maso anu ali pa nkhuku ndi nyama ya mbuzi, koma dal ndiye amaulula wophika. Ndi ndiwo yotchipa kuposa zonse pa menyu, alendo ambiri saiitanitsa, choncho wophika waulesi amainyalanyaza. Pamene kwa eni ake ndi ndiwo ya tsiku ndi tsiku, ndipo munthu wokulira m'khitchini ya amayi ake sangalole dal woipa kutuluka pakhomo pake.

Ndipo musamuone ngati wachilendo. Toor dal ndi nandolo wathu yemweyu, wa ku Mulanje, Phalombe ndi Zomba, wochotsedwa makoko n'kugawidwa pakati. Mu 2021 boma la India linasaina mgwirizano ndi Malawi woti dziko lawo lizilandira matani 50,000 a nandolo wathu chaka chilichonse kwa zaka zisanu. Mozambique inasaina mgwirizano wake mu 2016. Kotero mbale imene wakupatsaniyo mwina yachokera m'munda wa azakhali anu.

Poyang'ana dal, yang'anani pamwamba. Nandolo akapsa n'kuphwanyika, wophika amatenga kachiwaya kakang'ono, amatenthetsa ghee kapena mafuta, n'kuponyamo njere za mpiru. Amadikira kuti zithetheke, ndipo zimathethekadi mpaka zina kudumphira pansi. Kenako jeera (tinjere tonunkhira ta cumin), tsabola wouma wathunthu, adyo, masamba a curry, ndi kaufa pang'ono ka hing, kaja konunkha kakakhala kakawisi koma kokoma kakapsa. Zonsezi zimatenga nthawi yochepa kwambiri, osakwana mphindi, ndipo amazitsanulira pa dal zidakali chwaa. Amati tadka, a ku Gujarat amati vaghar. Mbale ikafika pa tebulo muyenera kuona mafutawo atayandama pamwamba, njere zakuda zili mbwee, tsabola wouma atachita bii pang'ono, ndipo fungo lifike mphuno zanu supuni isanafike pakamwa. Lumani njere imodzi ya mpiru. Ikakhala kuti inathetheka bwino imakoma ngati mtedza wokazinga. Ikamawawa mokhadzula ndiye kuti mafuta sanatenthe. Jeera akakhala wakuda ngati khala ndiye kuti anapserera, ndipo mbale yonse imawawa. Dal wongokhala phala lachikasu lopanda kanthu pamwamba anaphikidwa m'mawa kapena dzulo, angomutenthetsa.

Dal wa ku Gujarat asakudabwitseni. Ndi wamadzimadzi, wotsekemera ndi wowawasa nthawi imodzi, nthawi zina muli mtedza wowiritsa. Anzanga a ku Punjab ankamuseka kuti ndi tiyi, koma m'nyumba imene ndinaphunzirira, amayi a pakhomopo akalawa n'kupeza kuti shuga ndi mandimu sizinagwirizane, poto yense ankabwerera pamoto. Dal makhani wa ku Punjab ndi wina: wakuda, wa urad (mtundu wa mphodza zakuda) wosasenda wosakaniza ndi nyemba zofiira, wophikidwa pamoto wochepa kwa maola ambiri mpaka kuchita tayale. Woona amalemera chifukwa cha nyembazo. Wachangu amalemera chifukwa cha kirimu wothiridwa kumapeto, ndipo mukasuntha kirimuyo ndi supuni mupeza njere zolimba zili pazokha, madzi pawokha. Ngati malowo ndi a kummwera, itanitsani sambar, yemwenso ndi nandolo koma wa bwemba. Mukapezamo zitheba za chamwamba, dziwani kuti wophika akuphikira anthu akwawo.

Chachiwiri, ngati muli awiri kapena atatu, itanitsani ma curry awiri a maina osiyana kwambiri, tinene korma ndi rogan josh, kapena jalfrezi ndi madras. Nyama isiyeni kaye. Tapani msuzi wokha wa mbale yoyamba, imwani madzi, tapani wa yachiwiri. Mukamva kuti pansi pake pali kukoma kumodzi, kotsekemerera ngati anyezi wowiritsa, ndiye kuti zonse zachokera mumphika umodzi.

Mphikawo ndimaudziwa bwino chifukwa inali ntchito yanga ya m'mawa. Thumba la anyezi, karoti pang'ono, tsabola wobiriwira wosawawa uja, matimati, adyo, jinja ndi zokometsera zochepa, zonse kuwiritsa m'poto wamkulu woti mwana angasambiremo, kenako kugaya ndi makina mpaka kusalala. Nyama nayo imawiritsidwa payokha n'kusungidwa. Oda ikabwera, shefu amatenthetsa chiwaya, chipande chimodzi cha msuzi uja, nyama, ndiye kirimu ngati mwati korma, tsabola ngati mwati madras, matimati ndi tsabola wodula ngati mwati jalfrezi. Mphindi khumi mbale yatuluka. Njira imeneyi inakhazikika m'malesitilanti a curry a ku Britain, omwe ambiri mwa iwo eni ake ndi ochokera ku Sylhet m'dziko la Bangladesh, ndipo inafalikira kulikonse. Sindikuti ndi tchimo. Anthu makumi asanu akalowa nthawi imodzi Lachisanu madzulo, palibe angakazinge anyezi wa munthu aliyense payekha. Koma dziwani chimene mukulipira. Nyama yophikidwa mumsuzi wake imamwa msuziwo mpaka m'kati. Yowiritsa payokha mukaing'amba mupeza m'kati muli mbuu, msuzi wangoivala kunja.

Za mafuta, ambiri amadandaula molakwika. Mukaona mafuta ofiirira atazungulira m'mbali mwa mbale, kawirikawiri ndi umboni woti anyezi, matimati ndi masala (zokometsera zosakaniza) zinakazingidwa mpaka madzi kuuma, mafuta n'kudzipatula okha. Wophika aliyense wa Chimwenye amadikira chizindikiro chimenechi asanathire nyama kapena madzi. Masala osapsa amakanda pakhosi, ndipo turmeric wamuwisi amamveka ngati dothi. Mukaluma kakhungwa ka sinamoni, kambewu ka cardamom kapena clove, musaitane woperekera zakudya kuti mwapeza zinyalala. Zikankhireni pambali pa mbale. Zikusonyeza kuti munthu anayamba ndi zokometsera zathunthu, osati kutapa ufa wa curry wa mupaketi.

Mtundu nawo umanamiza. Nkhuku ya tandoori yofiira kuti psuu, yosiya utoto m'zala, ndi ya kala wa m'botolo. Kufiira koona kumachokera ku tsabola wa Kashmiri, amene amafiiritsa popanda kuwawa kwambiri, ndipo kumakhala kofiirira, ndi timawanga topserera m'nsonga.

Naan, buledi wawo wafulati uja, musamuvutikire kwambiri, mutembenuzeni basi. Wa mu tandoor amamatidwa pakhoma la uvuni wadothi wotentha kuposa madigiri 400, ndiye mbali imene inamata imakhala yosalala ndi youma, inayo yotupatupa ndi matuza opserera. Wofanana mbali zonse, wozungulira bwinobwino ngati wodulira pa mbale, wachokera mupaketi. Komanso dziwani kuti naan ndi wa ku lesitilanti. Kunyumba anthu amadya roti wopyapyala wopanda mafuta, wophikidwa pa chiwaya chafulati chotchedwa tawa, ndipo ku Gujarat amamaliza ndi kumuponya pa lawi kuti afufume ngati mpira. Chapati wamafuta amene timagula pamsika kuno amayandikira kwambiri paratha. Malo amene angakupangireni roti watsopano mukapempha ndi malo amene eni ake amadyanso pomwepo.

Biryani ndiye amaberapo anthu kwambiri, chifukwa ndi wodula. Woona amaphikidwa mosanjikiza: nyama pansi, mpunga wa basmati wowiritsa mosapsetsa pamwamba, anyezi wokazinga mpaka kufiirira, timbewu tonunkhira, madzi a saffron, kenako chivundikiro chimamatidwa ndi ufa wokanda kuti nthunzi isathawe, n'kusiya pamoto wochepa. Chifukwa cha kusanjikizako, mukapakula mpunga sukhala mtundu umodzi. Njere zina ndi zoyera, zina zachikasu, zina zofiirira kumene zinakhudza nyama, ndipo iliyonse ili payokha, yaitali, yosamatana. Nyama imakhala ya mafupa. Akakubweretserani mpunga wa mtundu umodzi, wonyowa, wonyezimira mafuta, ndiye kuti atenga mpunga woyera ndi curry n'kuzitakasa m'chiwaya. Funsani musanaitanitse kuti, "Achimwene, biryani mwaphika nthawi yanji?" Akati amaphika Lachisanu ndi Lamlungu lokha, kapena akati watha, kondwerani, mudzabwere tsiku lakelo. Malo amene biryani wa nkhuku, wa mbuzi, wa nsomba ndi wa masamba amapezeka nthawi iliyonse sakusanjikiza kanthu. Mbatata ya kachewere isakukhumudwitseni: ku Kolkata biryani wopanda mbatata amamukana, ndipo wa ku Durban amakhala ndi mbatata ndi mphodza zofiirira.

Ngati pali dosa, chikondamoyo chopyapyala cha kummwera kwa India, nunkhizani. Amapangidwa ndi mpunga ndi urad zonyikidwa, zogayidwa, n'kusiyidwa usiku wonse kuti zisase. Ayenera kumveka kuwawasa pang'ono. Wopanda kuwawasako ndi wa ufa wa mupaketi.

Tibwerere ku tsabola, poti ndiye muyeso wa ambiri. Tsabola wowawayu si mbadwa ya ku India. Anachokera ku America, ndipo anafika ndi Apwitikizi Vasco da Gama atatsegula njira ya panyanja mu 1498. Matimati ndi mbatata ya kachewere nazonso zinabwera mochedwa. Kale ankawawitsa ndi tsabola wakuda wa njere. Lero kuli madera owawitsa zedi, monga Andhra, koma korma woona ndi wofatsa, ndipo zakudya zambiri za kunyumba mwana wa zaka zisanu amadya osalira. Phaal, curry amene anyamata amapikisana naye ku Britain, anayambira ku Birmingham. Vindaloo wa ku Goa ndi nkhumba yonyikidwa mu viniga ndi adyo, wowawasa kuposa kuwawa, pamene wa m'malesitilanti ambiri ndi msuzi wa mumphika uja wothiridwa tsabola wodzaza dzanja. Woperekera zakudya akakufunsani pa mbale iliyonse kuti mukufuna kuwawa kwake kukhale kotani, akukuuzani mosadziwa kuti tsabola amathiridwa kumapeto. Mu ndiwo yophikidwa kuyambira pachiyambi, tsabola analowa kale pamodzi ndi anyezi, ndipo chimene angachite n'kukupatsani wobiriwira pambali kuti muzilumira.

Pali zakudya zina zimene anthu odziyesa odziwa amazinyoza kuti si za ku India. Zoona, koma n'chifukwa chake muyenera kuziyeza ndi muyeso wa kumene zinabadwira. Chicken tikka masala ndi wa ku Britain. Ali Ahmed Aslam wa lesitilanti ya Shish Mahal ku Glasgow, amene anamwalira mu 2022, ankati anamuyambitsa ndi iye, ngakhale ena amatsutsa, ndipo mu 2001 nduna yoona za kunja Robin Cook inamutcha chakudya cha fuko la Britain. Balti ndi wa ku Birmingham. Bunny chow ndi wa ku Durban, kumene Amwenye anayamba kufika mu 1860 kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe. Simungamupeze m'midzi ya ku India, koma ali ndi malamulo ake: buledi woyera wosadula, kota kapena hafu, wokumbidwa m'kati, curry wa nkhosa kapena wa nyemba wofiira ndi wowawa, karoti wopala pambali, ndipo amadyedwa ndi manja, kuyamba ndi chinkhupule chimene anachotsa m'katicho. Akakupatsani mu buledi wabulauni ndi foloko, pamenepo ndiye dandaulani.

Ngakhale butter chicken, amene ambiri amamuyesa wamakedzana, anabadwira mu lesitilanti ku Delhi, m'manja mwa anthu othawa ku Peshawar, mzinda umene tsopano uli ku Pakistan, dziko la India litagawidwa mu 1947. Mu 2024 malesitilanti awiri, Moti Mahal ndi Daryaganj, anafika pokokerana ku khoti lalikulu la ku Delhi polimbirana kuti anamuyambitsa ndani. Woona amapangidwa ndi nkhuku yoyamba yawotchedwa mu tandoor, ndiye muyenera kumva utsi pang'ono pansi pa matimati ndi batala. Akangotsekemera ngati kasitadi, nkhuku yake yoyera yowiritsa, mwapatsidwa za ana.

Kuyang'ana amene akudyamo kumathandiza, koma sankhani nthawi. Pitani Lamlungu masana kapena Lachisanu anthu atatuluka ku mzikiti. Mukaona agogo aakazi atavala sari kapena mabanja athunthu ndi makanda, onaninso zimene zili patebulo pawo, chifukwa kawirikawiri si zimene zili pa tsamba loyamba la menyu. M'mwezi wa Ramadan malo a Asilamu amatulutsa haleem, phala la tirigu, mphodza ndi nyama lotakasidwa kwa maola ambiri, ndipo amenewo ndi masiku abwino oyesera khitchini.

Chimene ndimakana ndi maganizo oti malo akakhala auve, amipando yothyoka ndi otchipa ndiye kuti ndi enieni. Mu 2019 Sara Kay anafalitsa zimene anapeza atawerenga ndemanga 20,000 za anthu odya m'malesitilanti a ku New York pa Yelp, tsamba la pa intaneti pomwe makasitomala amalembapo ndemanga zawo. Anaona kuti anthu akamatamanda malo a Atchaina kapena a ku Mexico kuti ndi enieni, ankatchula mipando ya pulasitiki ndi pansi pakuda, koma a Chifalansa ankawatamandira nsalu zoyera za patebulo. Ife amene tagwira m'makhitchini timadziwa kupweteka kwake. Mwini malo akayeretsa, n'kugula mipando yabwino, n'kukweza mtengo kuti alipire antchito bwino, makasitomala omwewo amati wataya chikhalidwe. Khitchini ya amayi a ku Limbe aja inali yoyera kuposa wodi ya chipatala, munthu sunkalowamo ndi nsapato. Mphemvu sizikometsa ndiwo.

Pomaliza penipeni, mukazolowerana nawo malowo, funsani chimene antchito adya tsiku limenelo. Osafunsa tsiku loyamba, ndipo osafunsa malo atadzaza. Dikirani cha m'ma 3 koloko masana, makasitomala atachepa, muitane woperekera zakudya amene mwayamba kudziwana naye: "Asisi, kukhitchiniko lero mwaphika chiyani chanu? Ngati chatsalako, tandigawireni kambale, ndilipira." Poto ameneyo sadutsa mumphika wa anyezi uja. Amakhala nkhuku ya mafupa ndi makosi omwe, kapena therere lobala lokazinga louma, mabiringano ndi mbatata, kapena khichdi, mpunga wophikidwa pamodzi ndi mphodza. Shefu amauphika momwe amaphikira kwawo chifukwa adyanso yekha. Malo ena amakana, poopa abwana, ndipo musawakakamize. Akavomera, musapemphe kuti achepetse tsabola kapena achotse mafupa, ndipo ndalama ya kambaleko muipereke pa kauntala, ya woperekera zakudyayo mum'patse payokha m'manja.